Erik Paliani, Mkonzi wa Nyimbo

Kwa Chimaliro, m'boma la Thyolo, anthu akaŵeruka ku minda ya tiyi mawailesi amayamba kulira m'nyumba ndi m'magolosale. Pena pamamveka rumba ya ku Congo, pena nyimbo za kwaya, penanso banjo ya malemu Allan Namoko, woimba wosaona uja wa m'boma lomweli amene ankaimba ndi gulu la Chimvu River Jazz. Womvera aliyense amadziŵa dzina la woimba amene amamukonda. Koma ndi oŵerengeka okha amene amadziŵa kuti kuseri kwa nyimbo yojambulidwa bwino kumakhala munthu wina amene mawu ake samveka. Munthu ameneyu ndiye mkonzi wa nyimbo, amene achinyamata amamutcha pulodyusa.

Ntchito ya mkonzi wa nyimbo ingafanizidwe ndi ya katswiri wa ku fakitale ya tiyi. Masamba a tiyi akangothyoledwa sakhala okonzeka kumwedwa. Amayamba awafotetsa, kuwadula, kuwasiya kuti afiire, kuwaumitsa, kenaka kuwasankha molingana ndi ubwino wake. Pomaliza katswiri amalaŵa ndi kunena ngati tiyiyo wakonzedwa bwino kapena ayi. Chimodzimodzi woimba amabwera ku situdiyo ndi nyimbo yake ili yaiŵisi. Mkonzi amaimvetsera mofatsa, nasankha zida zoyenera, anthu oti athandize kuimba, ndi liŵiro limene nyimboyo iyendere. M'situdiyo chida chilichonse chimajambulidwa pachokha: ng'oma pazokha, gitala payokha, lipenga palokha, ndi mawu a woimba paokha. Pambuyo pake mkonzi amaphatikiza zonsezi, kukweza ichi ndi kutsitsa icho, kufikira chida chilichonse chitamveka popanda kuphimba chinzake. Kale ntchitoyi inkachitika ndi matepi, koma masiku ano imachitika pa kompyuta. Ngakhale makina asintha chotere, mkonzi amadalirabe khutu lake.

Mmodzi mwa Amalaŵi amene atchuka pa ntchito imeneyi kunja kwa dziko lino ndi Erik Paliani. Iye adayamba kudziŵika monga woimba gitala m'gulu la Acacias m'zaka za m'ma 1990, ndipo pambuyo pake adapita ku South Africa kukakulitsa luso lake. M'nyimbo zimene wakonza mumamveka kaimbidwe ka mu Africa, ka ku Latin America ndi ka makono monga jazi. Kuti munthu amvetse chifukwa chake zinthu zochokera kutali chotere zimagwirizana, ayenera kuyamba wadziŵa ulendo umene nyimbo za mu Africa zidayenda.

Latin America ndi dzina la maiko a ku America amene anthu ake amalankhula Chisipanishi kapena Chipwitikizi, monga Cuba ndi Brazil. Kwa zaka zoposa 300, anthu mamiliyoni ambiri a mu Africa adagwidwa ndi kutengedwa pa zombo kukagwira ukapolo m'minda ya nzimbe, ya khofi ndi ya fodya ya kumeneko. Ambiri adachokera kumadzulo kwa Africa, ku Congo ndi ku Angola. M'zaka za m'ma 1800 ena adakwezedwa zombo pa doko la Quelimane ku Mozambique kupita ku Brazil, ndipo Mozambique ndi dziko lomwelo kumene makolo a Alomwe a ku Thyolo ndi ku Mulanje adachokera. Ukapolo udatha mu 1886 ku Cuba, ndipo ku Brazil udatha mu 1888.

Akapolo aja adasiya minda, nyumba ndi abale awo. Komabe kaombedwe ka ng'oma, kuomba m'manja, ndi mwambo woti mmodzi ayambitse nyimbo ena navomereza, adapita nazo m'mitima mwawo. Kutsidya kwa nyanja zimenezi zidakumana ndi magitala ndi malipenga ochokera ku Spain ndi ku Portugal, ndipo padabadwa nyimbo zatsopano. Ku Cuba kudabadwa son ndi rumba, pamene ku Brazil kudabadwa samba. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 samba idakumana ndi jazi mumzinda wa Rio de Janeiro, nibala kaimbidwe kodekha kotchedwa bossa nova.

Chizindikiro cha ubale umenewu chimamveka mpaka lero. Oimba a ku Cuba amamenyanitsa timitengo tiŵiri tolimba totchedwa clave. Amamenya kasanu: katatu, kenaka kaŵiri, nabwereza chomwecho kufikira nyimbo itatha. Zida zina zonse zimatsata timitengo timeneti, monga momwe oomba ng'oma kumudzi amatsatira kang'oma kamene sikasintha kaliridwe kake pamene ng'oma yaikulu ikuseŵera ndi mapazi a ovina.

Akuluakulu adati madzi saiŵala khwaŵa. Mu 1933 kampani ya ku England ya His Master's Voice idayamba kutulutsa mbale za galamafoni zokhala ndi nyimbo za ku Cuba, ndipo mbalezo zidagulitsidwa kwambiri mu Africa. Anthu ankazidziŵa ndi zilembo za GV zimene zinkalembedwa pa mbale iliyonse. Zitafika ku Léopoldville, mzinda umene lero ndi Kinshasa, anthu adazilandira monga alandirira m'bale wawo wobwera ku ulendo wautali. Chisipanishi sankachimva, koma ng'omazo adazizindikira. Poyamba oimba a kumeneko ankangotsanzira. Pambuyo pake adaikamo mawu a Chilingala, napatsa gitala ntchito imene ku Cuba inkagwiridwa ndi piyano ndi malipenga. Umu ndi momwe rumba ya ku Congo idabadwira.

Joseph Kabasele adayambitsa gulu la African Jazz mu 1953, ndipo gulu la OK Jazz, limene lidatchuka ndi Franco, lidayamba mu 1956. Mu 1960, chaka chimene dziko la Congo lidalandira ufulu wodzilamulira, gulu la African Jazz lidajambula nyimbo yotchedwa Indépendance Cha Cha, yoimbidwa motsata gule wa ku Cuba wa cha-cha-cha. Amene adaimba gitala m'nyimboyi ndi Nico Kasanda, wodziŵika ndi dzina loti Dr Nico. Kupyolera pa wailesi ndi pa mbale, rumba idafalikira ku Zambia, ku Tanzania, ku Kenya ndi ku Malaŵi, kotero kuti anyamata ambiri ophunzira gitala adakula akuimvetsera.

Atafika ku Johannesburg, Paliani adakumana ndi mtsikana woimba dzina lake Zamajobe Sithole. Chimbale choyamba cha Zamajobe, chotchedwa Ndawo Yami, chidatuluka mu 2004, ndipo mkonzi wake adali Paliani. Pa nthaŵi imeneyo achinyamata ambiri a ku South Africa ankakonda nyimbo za kwaito ndi house, zimene mphamvu yake ili pa kugunda kwa makina. Paliani adasankha njira ina. Adalola mawu a woimba, a Chizulu ndi a Chingerezi, kuti amveke bwino pamwamba pa gitala yofeŵa ndi ng'oma zodekha, zokumbutsa kaimbidwe ka ku Latin America ndi ka jazi. Chimbalecho chidakondedwa kwambiri, ndipo mu 2005 Zamajobe adali mmodzi mwa oimba a mu Africa opikisana pa mphotho za MTV za ku Ulaya. Mu 2006 katswiri wa gitala wa ku America, Lee Ritenour, amene nayenso amakonda nyimbo za ku Brazil, adaimba nawo aŵiriwo m'chimbale chake chotchedwa Smoke 'n' Mirrors.

Ulemu waukulu udamupeza Paliani pamene adakonza nyimbo za Hugh Masekela, katswiri wa lipenga wa ku South Africa. Masekela adabadwa mu 1939, ndipo adakhala kunja kwa dziko lake zaka pafupifupi 30 chifukwa cha ulamuliro wa tsankho. Adali ataimba m'mizinda ikuluikulu ya dziko lapansi pamene Paliani adali asanabadwe. Komabe munthu wamkulu chotere adapereka nyimbo zake m'manja mwa mnyamata wa ku Malaŵi. Chimbale chawo, chotchedwa Phola, chidatuluka mu 2009, chaka chimene Masekela adakwanitsa zaka 70. Dzinali ndi lofanana ndi liwu la Chicheŵa loti kupola, monga apolera bala kapena phala, ndipo nyimbo zambiri za m'chimbalecho ndi zofatsa monga dzinalo linenera. Masekela adamwalira mu 2018.

Mu 2010 Paliani adatulutsa chimbale chakechake, nachipatsa dzina loti Chitukutuku. M'menemo muli nyimbo imene adaitcha Dr Nico, polemekeza katswiri wa gitala wa ku Congo uja, amene adamwalira mu 1985. Potero iye adaonetsa kumene luso lake lidayamwa. Kaimbidwe kamene kadachoka mu Africa pa zombo za akapolo, nikabwerera pa mbale za galamafoni, nikakulira ku Kinshasa, kadafika m'zala za Mmalaŵi amene adakapereka kwa anthu a m'badwo watsopano.

Kusakaniza nyimbo si kungothira zinthu zonse mumphika umodzi. Mayi wophika ndiwo amadziŵa kuti mchere ukachuluka ndiwo zimaonongeka, ndipo tomato ndi anyezi ntchito yake ndi kukometsa masamba, osati kuwakwirira. Masiku ano kompyuta imabwera ndi kaliridwe ka ng'oma ndi ka zida zina kokonzeratu, kamene aliyense angathe kutenga mosavuta. Zimenezi zathandiza achinyamata ambiri kujambula nyimbo pa mtengo wotsika. Vuto lake ndi lakuti mkonzi waulesi amatulutsa nyimbo zofanana ndi za ku Lagos kapena za ku Johannesburg, zopanda chizindikiro chilichonse cha kwawo, ndipo nyimbo zotere siziguga m'makutu mwa anthu, zimangoiŵalika. Oimba a ku Congo akadapitiriza kutsanzira a ku Cuba, maina awo sakadadziŵika. Adatchuka ataika chilankhulo chawo ndi magule awo m'nyimbozo, ndipo mu 2021 bungwe la UNESCO lidalemba rumba ya ku Congo m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a dziko lonse lapansi.

Nako ku Thyolo chuma chotere chilipo. Gule wa tchopa wa Alomwe, amene amavinidwa pothokoza makolo zokolola zikachuluka kapena popempha chithandizo pa nthaŵi ya chilala, adalembedwa m'kaundula yemweyo mu 2014. Allan Namoko adamwalira mu 1995, koma nyimbo zake zikumvekabe chifukwa padapezeka anthu amene adazijambula. Zilipo nyimbo zina zambiri, za pamtondo, za kumunda ndi za pabwalo, zimene zili m'mitu ya agogo okha, ndipo agogowo akapita nyimbozo zimapita nawo. Mwana wa kwa Chimaliro amene afuna kudzakhala mkonzi wa nyimbo ayenera kuphunzira makina ndi kumvetsera nyimbo za maiko ena, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma ayambe wakhala pansi pafupi ndi oomba ng'oma a m'mudzi mwake, chifukwa pofika ku situdiyo adzafunika kukhala ndi chake choti asakanize ndi cha anzake.

Mafunso

1. Kodi ntchito ya mkonzi wa nyimbo ifanana bwanji ndi ya katswiri wa ku fakitale ya tiyi?
2. Fotokozani momwe kaimbidwe ka mu Africa kadafikira ku Cuba ndi ku Brazil.
3. Kodi oimba a ku Congo adasintha chiyani pa nyimbo za ku Cuba?
4. Tchulani oimba atatu amene adagwira ntchito ndi Erik Paliani.
5. Kodi mwambi woti madzi saiŵala khwaŵa ukutanthauza chiyani m'nkhaniyi?
6. Funsani akuluakulu a kwanu za gule mmodzi wa m'dera lanu, ndipo mulembe zida zimene zimaimbidwa pa gule ameneyo.