Chimango cha Nyumba ya Tinjerwa

Aliyense amene anaonapo mwana akumanga ndi tinjerwa ta LEGO adziŵa chisoni chimene chimadza pamene nyumba ya masiku atatu iphwasuka poinyamula. Kaŵirikaŵiri cholakwa sichikhala pa tinjerwato ai, koma pa kusoŵa chimango. Mmisiri wa nyumba ya mitengo amayamba wazika nsichi ndi kuika mitanda asanaganize zomata. Nazo nyumba zazikulu za tinjerwa zifuna nzeru yomweyo.

Tinjerwati kwawo ndi ku Billund, m'dziko la Denmark, kumene mmisiri wa matabwa, Ole Kirk Christiansen, anayamba kupanga zoseŵeretsa m'chaka cha 1932. Maonekedwe amene tiŵadziŵa lero, timitu pamwamba ndi timachubu kunsi, analembetsedwa ku boma m'chaka cha 1958. Timitu ndi timachubu timeneti timagwirana zolimba pamene muzikanikiza pansi, koma pokokera m'mwamba timasiyana msanga. Nchifukwa chake nyumba yaikulu imathyoka pakati poinyamula.

Mankhwala ake anapezeka m'chaka cha 1977 pamene kunatuluka tinjerwa tokhala ndi mabowo m'mbali, totchedwa Technic, pamodzi ndi tizikhomo tolowetsa m'mabowomo. Apa pali masamu okondweretsa. Kuchokera pa bowo kufika pa linzake pali mamilimita 8. Kanjerwa kamodzi msinkhu wake ndi mamilimita 9.6, pamene kopyapyala ndi mamilimita 3.2. Tsono mukasanja kanjerwa ka mabowo, topyapyala tiŵiri pamwamba pake, kenaka ka mabowo kena, mabowo apansi ndi apamwamba amatalikirana mamilimita 16. Motero mtanda woimiritsa umakwanira bwino lomwe: chikhomo china pa bowo loyamba, china pa lachitatu. Khoma lomangidwa chotero silingakanganuke ngakhale mulikoke. Ndipo mukapingasa mtanda wina kuti upange makona atatu, chimango chimaleka kugwedezeka.

Nzeru yachiŵiri ndiyo kumanga m'magawo. M'chaka cha 2007 kampaniyi inatulutsa nyumba yotchedwa Café Corner, yoima pa maziko a timitu 32 m'litali ndi 32 m'lifupi, ndiko kuti masentimita 25.6 mbali iliyonse. Nsanja iliyonse imachoka payokha, popeza pamwamba pa makoma pali tinjerwa tosalala, ndipo timitu togwira nsanja yapamwamba ndi toŵerengeka. M'mbali mwa maziko muli mabowo a tizikhomo pa malo ofanana, kotero kuti nyumba imalumikizika ndi inzake mpaka kukhala msewu wathunthu. Gawo lina likaonongeka, mumakonza lokhalo.

Kuti nkhaniyi si yaing'ono tingaone pa zimene zinachitika ku England m'chaka cha 2009. Bambo James May, wa pa wailesi yakanema, pamodzi ndi anthu ambiri odzipereka, anamanga nyumba yosanja yoti munthu nkugonamo, m'munda wa mphesa wa Denbies pafupi ndi Dorking. Panaloŵa tinjerwa toposa mamiliyoni atatu, komabe mkati mwa makoma anaikamo chimango cha matabwa poopa ngozi. Tsoka ilo, nyumbayo sinamangidwe kuti idzasunthidwe. A Legoland ya ku Windsor anaona kuti kuiphwasula ndi kuimanganso kukadadya ndalama zochuluka, ndipo m'mwezi wa September chaka chomwecho inagwetsedwa.

Chotero inu makolo ndi aphunzitsi, mukaona mwana athamangira kukometsa mazenera ndi denga, mufunseni mofatsa kuti nyumbayo adzainyamula bwanji. Muthandizeni kuyamba wayesa maziko, kulumanitsa tinjerwa kuti mizere isalunjikane, ndi kumanga gawo limodzi lolimba asanayambe lina. Chimango sichioneka nyumba ikatha, koma tsiku losamutsa ndi pamene mudzadziŵe ngati chinalipo.