Minda ya Mitengo ya mu Mzinda wa Lilongwe

Kumudzi mthunzi susowa. Ku Mua, ku Mtakataka ndi ku Golomoti kuli milambe, mango ndi bwemba, ndipo pamapiri pali nkhalango ya Mua-Livulezi. Koma mu mzinda waukulu zinthu sizitero. Kumene anthu achuluka, malo achepa. Wina afuna pomanga nyumba, wina sitolo, wina msewu, ndipo choyamba kugwa ndi mtengo. Chifukwa chake akulu a mzinda apatula malo ena, nalamula kuti pamenepo pasamangidwe nyumba, pasalimidwe, ndiponso pasadulidwe mtengo. Malo otere atchedwa paki.

Mwambo umenewu suli wachilendo kwa Achewa. Makolo akale potsegula minda anali kusiya mitengo ya kumanda, ndipo palibe amene analimba mtima kulowako ndi nkhwangwa. Nchifukwa chake manda aoneka patali, ngati kachisumbu kobiriwira pakati pa minda. Paki nayo ndi nkhalango yosiyidwa dala. Kusiyana kwake nkwakuti m'paki munthu aliyense aloledwa kulowa ndi kupumula.

Mzinda wa Lilongwe unakhala likulu la Malawi mu 1975, m'malo mwa Zomba. Pa kalembera wa 2018 anapezamo anthu pafupifupi miliyoni imodzi. Munthu wochokera ku Mua afikako podzera ku Salima, kapena pokwera chitunda cha Golomoti mpaka ku Dedza.

Mzindawu uli ndi mbali ziwiri. Kwina kuli tauni yakale ndi msika wake, kwina kuli nyumba zatsopano za Boma. Pakati pa mbali ziwirizi omanga likulu anasiya nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi, yotchedwa Lilongwe Nature Sanctuary. Mlendo akapatuka pa msewu wa magalimoto nalowa m'nkhalangomo, phokoso lichepa, mphepo izizira, ndipo amva mbalame zikulira. Muli tinjira toyendamo pansi. Woyenda mwakachetechete aona apusi pamitengo, mwina mbawala kapena gwape. Koma asayandikire madzi, pakuti mu Lingadzi muli ng'ona.

M'nkhalango yomweyi muli Lilongwe Wildlife Centre, kumene asunga nyama zovulala ndi zamasiye. Zina zinakodwa mu msampha, zina zinalandidwa kwa anthu amene anali kuzigulitsa. Madokotala a nyama azichiza, ndipo zimene zachira bwino azibwezera kutchire. Ana a sukulu abwera ndi aphunzitsi awo kudzaphunzira za nyama ndi mitengo.

Pafupi ndi Nyumba ya Malamulo pali munda wina, wa mitengo ndi maluwa a mitundumitundu. Uwu ndi munda wophunziriramo. Akatswiri asungamo zomera kuti mbewu yake isathe m'dziko. Munda woyamba wa mtundu umenewu m'Malawi uli ku Zomba, m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Anauyamba ndi Alexander Whyte mu 1891, ndipo patapita zaka zoposa 130 anthu akhalabe pansi pa mitengo yake. Wobzalayo anamwalira kalekale, koma mthunzi ukalipo.

Kodi mzinda upindulanji posiya malo aakulu chotere osamangapo? Choyamba, mitengo iziziritsa. Phula ndi malata zitentha ndi dzuwa, koma masamba atchinga dzuwa, natulutsa chinyontho. Chachiwiri, masamba akoka mpweya umene anthu ndi moto atulutsa, nabweza mpweya wabwino wopuma. Chachitatu, mizu igwira dothi. Mvula ikagwa pa msewu ndi padenga, madzi athamangira kumtsinje onse pamodzi, nasefukira m'nyumba za anthu. Ikagwa m'nkhalango, madzi alowa pansi pang'onopang'ono. Chachinayi, munthu wotopa ndi ntchito apeza pokhala phee, ndipo ana apeza posewera kutali ndi magalimoto.

Mlendo wa m'paki ali ndi malamulo ake. Ayende m'njira zolambulidwa. Asathyole maluwa kapena nthambi, asalembe dzina lake pa khungwa la mtengo, asaponye miyala pa mbalame. Asapatse apusi chakudya, chifukwa akazolowera ayamba kulanda ndi kuluma. Zinyalala azinyamule, ndipo moto asayatse. Pa malo ena alipiritsa pachipata, tsono nkwabwino kufunsa ulendo usanayambe.

Minda imeneyi ili ndi adani. Anthu a mu mzinda aphikira makala ndi nkhuni, ndipo ena asirira malowo kuti amangepo. Paki ikadulidwa siibweranso msanga, pakuti mbawa igwa tsiku limodzi, koma ikula zaka makumimakumi. Ndiponso makala ambiri ogulitsidwa m'mizinda achokera ku mapiri a kumidzi. Phiri likakhala lambee, mitsinje ngati Nadzipokwe ndi Livulezi idzaza mwaukali m'dzinja, nikokolola minda ya m'chigwa, ndipo m'chilimwe iphwa.

Chotero chimene anthu a ku Lilongwe achisunga ndi mpanda ndi alonda, anthu a kumudzi ali nacho kwaulere, mphatso ya Mulungu. Mwana wanzeru sadikira kuti chithe ndipo achilire. Mvula zoyamba zikagwa abzala mtengo wake pa sukulu kapena pakhomo, nautchingira ndi minga kuti mbuzi zisaudye.