Ulongwe: mbiri ya Angonia ili pafupi, koma oionerera ndi ochepa

ULONGWE – Anthu ambiri amene amafika pa vila ya Ulongwe amabwerera kachewere, nyemba ndi chimanga. Malole ochokera ku Tete amadzaza matumba n'kutsika tsiku lomwelo. Ndi ochepa amene amagona kuti m'mawa akaone malo ozungulira vilayi. Ngakhale ana obadwira konkuno, ambiri akula osawafika.

Ulongwe, imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho, ndi likulu la boma la Angonia ndipo idakhala munisipiyo mu 2008. Ili pa mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera ku mzinda wa Tete. Munthu akachoka m'kutentha kwa kuchigwa cha Zambezi amamva mphepo yasintha asanafike n'komwe. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, wobwera wopanda bulangete amagona akunjenjemera.

Malo oyamba ofunika kuwaona ndi phiri la Domwe, lotalika kuposa mamita 2,000. Patsinde pa phirili ndi pamene padakhazikika Angoni a Maseko. Iwowa adachokera kumwera, nakhalako pang'ono m'nthawi ya mfumu Mputa, kenaka n'kupitirira mpaka ku Songea, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Mputa adafera komweko. Chidyaonga ndiye adabweza anthuwo kudzamanga ku Domwe cha m'ma 1870, ndipo pambuyo pake ufumu udapita kwa Chikuse. Dzina loti Angonia lidachokera kwa anthu amenewa.

Mu 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adagwirizana za malire. Mzere wawo udadula pakati dziko la Angoni ndi Achewa, ena n'kugwera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena n'kutsala kuno. Gomani, mwana wa Chikuse, adaphedwa ndi Angerezi mu 1896. N'chifukwa chake mpaka lero maliro, maukwati ndi gule wa ngoma sizidziwa malire.

Malo achiwiri ndi mishoni ya Lifidzi, yotchedwa dzina la Fransisko Xavier Woyera. Ansembe achijezuiti adaitsegula pakati pa 1908 ndi 1909. Sadakhalitse, chifukwa ufumu utagwa ku Portugal mu 1910 boma latsopano lidawapirikitsa. Adabwereranso mu 1941. Pa Lifidzi ndi pamene agogo ambiri a m'dera lino adaphunzirira kulemba, kuwerenga ndi ntchito zamanja. Ufulu utabwera mu 1975, boma lidatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, ndipo ansembe adakakhala pakati pa anthu kumudzi.

Apa ndi pamene nkhani imafika pa Chapotera, kufupi ndi Lifidzi. Usiku wa pa 30 Okutobala 1985, nkhondo ili mkati, anthu a mfuti adatulutsa m'nyumba ansembe awiri: bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa ku Angonia konkuno, ndi bambo Sílvio Alves Moreira wa ku Portugal. Mitembo yawo idapezeka patapita masiku. Dayosizi ya Tete idayambitsa kafukufuku woti awiriwa alemekezedwe ngati ofera chikhulupiriro, ndipo Akhristu amapita kukapemphera pamalopo.

Koma Chapotera si nkhani ya ansembe okha. M'zaka zomwezo midzi yambiri ya ku Angonia idatsala mabwinja. Anthu adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ali m'gulu la othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi amene Malawi idawalandira. Adayamba kubwerera pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Amene adathawa atabereka ana kumsana, lero ndi agogo a imvi. Iwo ndi amene akudziwa pamene panali mudzi wakale, njira imene adadzera usiku, ndi pamene adaika abale awo mothamanga. Zambiri mwa zimenezi sizidalembedwe paliponse.

Kwina anthu adaona msanga kuti zotere zimatayika. Ku Greece kuli katawuni ka m'mapiri kotchedwa Kalavryta. Pa 13 Disembala 1943 asilikali a Germany adapha amuna ndi anyamata mazanamazana, natentha tawuniyo. Eni mudzi adamanga chikumbutso paphiri pamene anthuwo adaphedwera. Sukulu imene amayi ndi ana adatsekeredwamo tsikulo idasanduka nyumba yosungiramo mbiri. Alendo amafika kudzaona zimenezi pamodzi ndi nyumba ya amonke ya Agia Lavra imene ili pafupi, ndipo amagona ndi kudya m'tawunimo.

Chitsanzo china chili pafupi kwambiri. Kungowoloka pa Kalomwe n'kulowa m'boma la Dedza, kuli mapanga a Chongoni. Kumeneko kuli malo 127 a zojambula pamiyala: zofiira za Akafula, ndi zoyera za Achewa zokhudza chinamwali ndi nyau. Bungwe la UNESCO lidawalemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Chaka cha 2005 bungwe lomweli lidalemekezanso Gule Wamkulu m'maiko atatu: Malawi, Zambia ndi Mozambiki. Gule ameneyo ndi yemweyo amene amatuluka m'madambwe a ku Angonia. Mlendo amene wafika ku Chongoni watsala ndi ulendo waufupi kuti afike ku Ulongwe, koma amafuna womulondolera ndi womufotokozera.

Wofuna kuyendera malowa ayende m'chilimwe, kuyambira Meyi mpaka Okutobala, chifukwa m'dzinja misewu yadothi imaterera. Pa vila pamapezeka machapa ndi njinga zamoto zopita kumidzi. Akafika, ayambe kwa anyakwawa, apereke moni, anene chimene wadzera. Kumanda ndi kudambwe salowako wamba, ndipo kuphiri ndi bwino kukwera ndi munthu wa m'mudzimo. Wowoloka malire asaiwale ziphaso zake.

Aphunzitsi, akatekisiti ndi mafumu sayenera kudikira alendo akutali kuti ayambe. Kalasi imodzi, kope limodzi ndi agogo awiri kapena atatu ndi zokwanira pa ulendo wa tsiku limodzi wa ku Lifidzi kapena ku Domwe. Agogo akalankhula, ana alembe maina, malo ndi zaka, kopelo lisungidwe pasukulu.