Kuonetsa Sewero Lakale la Chikondi kwa Anthu a Masiku Ano

Mphunzitsi watsopano akangofika pa sukulu, kawirikawiri ntchito zimene anzake adatopa nazo zimagwera iye. Imodzi mwa ntchito zotere ndiyo kuyang'anira kagulu ka zisudzo. Tsono tiyerekeze kuti inu mwalandira udindowu, ndipo mwasankha sewero lakale lotchuka, la chikondi ndi nthabwala, kuti mukaonetse makolo pa tsiku lotsekera sukulu. Ana aloweza mawu kwa milungu yambiri, zovala zasokedwa, holo yadzaza. Koma sewero lili m'kati anthu angoti duu, wina akuyasamula, wina akusuzumira foni yake. Palibe chinthu chimene chimafooketsa mwana ngati kunena nthabwala imene adaivutikira, anthu nkukhala chete. Ana ena akachita manyazi otere sabwereranso pa bwalo la zisudzo.

Vutoli si la lero. M'chaka cha 1662 munthu wina wa ku London, dzina lake Samuel Pepys, adakaonerera A Midsummer Night's Dream, sewero la William Shakespeare, ndipo adalemba m'buku lake kuti silidamkomere konse ndi kuti sadzalioneranso. Chimene chidamsangalatsa ndi magule okha pamodzi ndi akazi okongola amene adawaona. Komabe sewero lomwelo likuseketsa anthu kufikira lero m'maiko ambiri. Kusiyana kwake kuli pa kaonetsedwe. M'nkhani ino titenga sewero limeneli ngati chitsanzo, ndipo mfundo yathu ndi imodzi: anthu amaseka sewero la chikondi pokhapokha atamvetsa chimene mtengambali aliyense akufuna, ndi kukhulupirira kuti akachiphonya apwetekadi.

Nkhani ya m'seweroli

Shakespeare adabadwa mu 1564 namwalira mu 1616. Sewero ili adalilemba cha m'ma 1595 kapena 1596, ndipo lidasindikizidwa koyamba mu 1600. Dzina lake likunena za loto la usiku wa pakati pa nyengo yotentha. Lili ndi zigawo 5, ndipo muli magulu atatu a anthu amene njira zawo zikukumana m'nkhalango usiku umodzi.

Gulu loyamba ndi la mumzinda wa Athens. Mtsikana Hermia akukondana ndi Lysander, koma bambo wake Egeus akufuna kuti akwatiwe ndi Demetrius. Mfumu Theseus ikuuza mtsikanayo kuti akakana, lamulo likuti aphedwe, apo ayi akhale wosakwatiwa moyo wake wonse akutumikira pa kachisi. Hermia ndi Lysander akuthawira m'nkhalango. Demetrius akuwalondola, ndipo pambuyo pake pakubwera Helena, amene amamkonda Demetrius ngakhale iye samufuna.

Gulu lachiwiri ndi la mizimu ya m'nkhalango. Mfumu yawo Oberon yakangana ndi mkazi wake Titania, ndipo ikutuma wantchito wake Puck kukathyola duwa lina. Madzi a duwalo akadonthezedwa m'maso mwa munthu wogona, iye amakonda cholengedwa chilichonse chimene wayamba kuchiona podzuka. Puck akuphonya munthu, ndipo posakhalitsa anyamata onse awiri akumthamangira Helena, Hermia nkutsala yekha.

Gulu lachitatu ndi la amisiri 6 amene akukonzekera kasewero kawo koti akaonetse pa ukwati wa mfumu. Pali Quince kalipentala, Bottom woomba nsalu, Flute wokonza mivukuto, Starveling telala, ndi anzawo awiri, Snug ndi Snout. Puck akumveka Bottom mutu wa bulu, ndipo Titania, atadonthezedwa madzi a duwa aja, akugwa naye m'chikondi. Kutacha zonse zikukonzeka, maukwati atatu akuchitika tsiku limodzi, amisiri nkuonetsa kasewero kawo.

Kumene kuseka kumachokera

Cholakwa chimene aphunzitsi ambiri amachita ndicho kuuza ana kuti popeza seweroli ndi loseketsa, ayambe kuseketsa anthu chiyambire. Choncho Egeus amalowa akutsimphina, atadziphatika ndevu za thonje, akunjenjemeretsa mawu. Anthu amaseka kamodzi, koma kuyambira pamenepo sakhulupiriranso kuti Hermia ali pa ngozi. Ngati sali pa ngozi, akuthawiranji? Ngati kuthawa kulibe chifukwa, za m'nkhalango zonse zimasanduka phokoso chabe.

Nkofunika tsono kuti chiyambi cha seweroli chionetsedwe mwaulemu ndi moopsa, monga mlandu weniweni pa bwalo la mfumu. Oonerera athu nkhani ya mtsikana wokakamizidwa ukwati amaidziwa bwino. Malamulo aakulu a dziko la Malawi amaletsa kukakamiza munthu kulowa m'banja, ndipo mu 2017 adasinthidwa kuti pasakhale wokwatira kapena kukwatiwa asanakwane zaka 18. M'holo yanu mudzakhala atsikana amene nkhaniyi idakhudzapo achemwali awo kapena anzawo. Holo ikachita zii pamene Hermia akuyankha mfumu, dziwani kuti mwayala maziko abwino.

Chachiwiri, oonerera amaseka chifukwa akudziwa chimene atengambali sakudziwa. Ife tamuona Puck akudontheza madzi m'maso mwa munthu wolakwika. Helena sadaone, ndipo akuganiza kuti anzake atatu apangana zomunyoza. Iye akulira zoonadi, ndipo ife tikuseka chifukwa tikudziwa gwero lake. Mwana wotenga mbali ya Helena asamwetulire, asayang'ane anzake mwa oonerera. Ayenera kupwetekedwa mtima kwenikweni. Chimodzimodzinso amisiri aja: iwo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti kasewero kawo ndi kapamwamba, mpaka akuda nkhawa kuti amayi a kunyumba ya mfumu adzachita mantha ndi mkango wawo. Akangoonetsa kuti akudziwa kuti ndi oseketsa, nthabwala yafa.

Zimene akatswiri adayesapo

Kale anthu ankaganiza kuti seweroli limafuna nkhalango yooneka ngati yeniyeni. Herbert Beerbohm Tree adalionetsa ku London mu 1900 ndi mitengo, udzu ndi maluwa ochuluka, ndipo polionetsanso mu 1911 adaikamo akalulu amoyo. Koma mu 1970 Peter Brook, ndi gulu la Royal Shakespeare Company ku Stratford-upon-Avon, adachotsa zonsezi. Bwalo lake lidali chipinda choyera cha makoma atatu, chopanda mtengo ndi umodzi womwe. Mizimu inkalendewera pa akatungwe, ndipo duwa lija lidali mbale yozungulira pa nsonga ya ndodo. Munthu mmodzi yemweyo adatenga mbali ya Theseus ndi ya Oberon, ndipo mkazi mmodzi adatenga ya Hippolyta, mkwatibwi wa mfumu, ndi ya Titania. Kaonetsedwe kameneka kakutchulidwabe mpaka lero pakati pa odziwa zisudzo.

Mu 2006 Tim Supple adalionetsa ndi osewera a ku India ndi ku Sri Lanka, akulankhula Chingerezi pamodzi ndi zilankhulo zina monga Hindi, Tamil ndi Bengali. Oonerera ambiri a ku England sankamva zilankhulo zimenezo, koma nkhani ankaitsata chifukwa matupi a osewera ankaonetsa poyera amene akufuna mnzake ndi amene akumthawa. Mu 2019, ku Bridge Theatre ku London, Nicholas Hytner adasinthanitsa mawu a Oberon ndi a Titania, kotero kuti mkazi ndiye adapusitsa mwamuna wake ndi duwa lija.

Phunziro lake kwa ife ndi lolimbikitsa. Sukulu yopanda ndalama siili pambuyo pa wina aliyense pa nkhani iyi. Paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: bwalo lokongola silipulumutsa sewero limene nkhani yake siikumveka. Shakespeare mwini wake masewero ake ambiri ankaonetsedwa masana, pa bwalo lopanda denga pakati, popanda zojambula za nkhalango, ndipo mbali za akazi ankatenga anyamata. Mawu a osewera ndiwo ankauza anthu kuti kunja kwada. Pansi pa mtengo wa pa sukulu yanu, oonerera atakhala mbali zitatu, muli pafupi ndi bwalo lake kuposa m'holo ya makatani.

Chilankhulo ndi kudula

Chingerezi cha Shakespeare ndi cha zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo ngakhale eni chilankhulocho chimawavuta. Musaope kudula. Sewero lonse limatenga maola oposa awiri, koma pa sukulu ola limodzi ndi lokwanira. Lamulo la kudula ndi ili: siyani mzere uliwonse umene ukuyendetsa nkhani, chotsani umene ukufuna kuti mphunzitsi aime ndi kuufotokoza. Maina ambiri a milungu ya Agiriki ndi Aroma angathe kuchoka popanda chotayika.

Shakespeare adasiyanitsa magulu ake ndi kalankhulidwe. Mafumu, achinyamata okondana ndi mizimu amalankhula kwambiri mwandakatulo, pamene amisiri amalankhula mawu wamba a tsiku ndi tsiku. Inu mungathe kusunga kusiyana kumeneku powalola amisiri kulankhula Chichewa cha pa msika, a kunyumba ya mfumu nkumalankhula Chingerezi chofewetsedwa kapena Chichewa chaulemu cha pa bwalo la milandu. Aloleni ana amasulire okha zigawo za amisiri m'magulu. Pochita zimenezi amakakamizika kufunsa tanthauzo la mzere uliwonse, ndipo limenelo ndi phunziro la chilankhulo loposa kuloweza. Chenjerani ndi chinthu chimodzi: ngati mukukonzekera mpikisano, monga wa bungwe la ATEM umene cholinga chake ndi kulimbikitsa Chingerezi, yambani mwawerenga malamulo ake.

Malo ovuta

Sewero lakale limanyamula maganizo a nthawi yake, ndipo ena mwa iwo oonerera a lero sangawameze. M'seweroli muli malo anayi ofunika kuwalingalira musanayambe.

Poyamba, Helena akudziyerekeza ndi galu wa Demetrius, nkumuuza kuti ngakhale ammenye adzamtsatabe. Mawu amenewa, akanenedwa monga chitsanzo cha chikondi chabwino, aphunzitsa atsikana chinthu choipa. Mungathe kuwadula, kapena kuwasiya koma Helena awanene mwa njira yoti aliyense aone kuti chikondi chamchotsa nzeru.

Kachiwiri, Lysander atatembenuka mtima akumnyoza Hermia pomutchula maina a anthu a khungu lakuda ngati chitonzo. Mizere imeneyi ichotseni. Nkhani siitaya kanthu. Mkangano wa atsikana awiriwo uli kale ndi nthabwala yake, pakuti Hermia ndi wamfupi ndipo Helena ndi wamtali. Kumbukirani zimenezi posankha ana, koma onetsetsani kuti mwana wamfupiyo akuseka nawo, osati kusekedwa.

Kachitatu, Theseus akunena yekha kuti Hippolyta adampeza pomugonjetsa pa nkhondo. Mkaziyu ali ndi mawu ochepa pachiyambi, koma ali pomwepo pamene Hermia akuweruzidwa. Kodi aziyang'ana kuti? Akangotembenuka nkutuluka osamgwira dzanja Theseus, oonerera amva zambiri popanda kuonjezera liwu.

Kachinayi, pa mapeto onse amasulidwa ku mphamvu ya duwa kupatula Demetrius. Iye akukwatira Helena mankhwala adakali m'maso. Oonerera athu, amene nkhani za kondaine amazimva, sadzalephera kuona zimenezi. Musabise. Ndi funso labwino lokambirana m'kalasi: kodi chikondi chotere ndi chenicheni?

Kayendetsedwe ka ntchito

Mlungu woyamba musagawe mapepala. Fotokozani nkhani monga nthano, kenaka ana aisewere m'mawu awoawo kufikira aliyense atha kunena amene akukonda yani pa chigawo chilichonse. Jambulani pa bolodi maina anayi a achinyamata aja ndi mivi yoonetsa kumene mtima wa aliyense waloza, ndipo muzisintha miviyo nkhani ikamapita. Ngati ana asokonezeka pa bolodi, makolo adzasokonezeka koposa m'holo. Pofuna kuthandiza oonerera, Hermia ndi Lysander avale nsalu ya mtundu umodzi, Helena ndi Demetrius ya mtundu wina. Motero aliyense adzaona ndi maso pamene zinthu zasokonekera ndi pamene zabwerera m'malo.

Zipangizo zikhale zochepa: makutu a bulu a katoni, duwa limodzi lalikulu looneka kuchokera kumbuyo, nyali ya mmisiri woimira mwezi, ndi ng'oma yodziwitsa kuti mizimu yafika. Ana ambiri otsala angathe kukhala nkhalango yeniyeniyo, atanyamula nthambi, akusuntha kuti asokeretse othawawo. Mwa njira imeneyi kalasi lalikulu lonse limapeza chochita.

Phunzitsani ana kudikira anthu akamaseka, ndi kuyambiranso kuseka kukayamba kuzirala. Luso limeneli siliphunzirika m'chipinda chopanda anthu, choncho itanani kalasi lina lidzaonerere kutatsala mlungu umodzi. Inu mukhale kumbuyo ndi pensulo, muzilemba pamene aseka, pamene achita chete ndi pamene ayamba kunong'onezana. Malo a manong'onong'owo ndiwo ofunika kudula kapena kukonza.

Pomaliza, kumbukirani kuti awa ndi ana a eni ake, ndipo nkhani ndi ya chikondi. Kuyeserera kuzichitika masana, pa malo oonekera, pali mphunzitsi wina wamkazi. Palibe chifukwa choti ana apsompsonane kapena kukumbatirana. Kuyang'anana, kupatsana duwa, kapena kutambasula dzanja mnzako nkulikana, kumanena zokwanira. Mwana amene sakumasuka ndi mbali ina asakakamizidwe. Afotokozereni aphunzitsi aakulu ndi makolo nkhani ya seweroli nthawi idakalipo, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Mawu otsiriza

Sewero limatha ndi Puck atatsala yekha pa bwalo, akupepesa kwa oonerera ngati alakwiridwa, ndi kuwapempha kuti aombe m'manja. Mwana wanu akadzafika pa mawu amenewo, mudzadziwa ngati ntchito yagwirika. Muyeso wake si kukongola kwa zovala kapena kuchuluka kwa mizere yolowezedwa. Funsani kholo limodzi potuluka kuti Hermia ankathawa chiyani, ndipo Helena ankalira chifukwa ninji. Likayankha bwino, kwinaku likupukuta misozi ya kuseka, ndiye kuti sewero la zaka 400 lalankhula kwa anthu a kwanu, ndipo ana anu adzafuna kubwereranso pa bwalo chaka chamawa.