Bryan Adams: woimba amene adachititsa kuti dziko la Canada lisinthe lamulo la nyimbo za pa wailesi

M'chaka cha 1991, nyimbo ya woimba wa ku Canada, Bryan Adams, yodziwika ndi mutu woti Everything I Do, idakhala pa nambala wani ku Britain kwa masabata 16 otsatizana. Koma kwawo, malinga ndi malamulo a bungwe la boma loyang'anira mawailesi, nyimboyi sidayenere kuwerengedwa kuti ndi ya ku Canada.

Izi zidadabwitsa anthu ambiri popeza Adams ndi mbadwa ya dzikolo ndipo panthawiyo n'kuti ali woimba wa ku Canada wotchuka koposa padziko lonse. Mkangano umene udabuka udaonetsa poyera kuti lamulo lokhazikitsidwa ndi cholinga chabwino likhoza kutsekera kunja anthu omwe likufuna kuwatukula ngati silikuunikidwanso nthawi ndi nthawi.

Adams adabadwa pa 5 Novembala 1959 mumzinda wa Kingston m'chigawo cha Ontario. Makolo ake adachokera ku England. Bambo ake adali msilikali ndipo pambuyo pake adagwira ntchito m'maofesi a kazembe wa dziko la Canada, choncho mnyamatayu adakulira m'maiko osiyanasiyana monga Portugal, Austria ndi Israel.

M'chaka cha 1974 iye adakakhazikika ku North Vancouver pamodzi ndi mayi ake. Ali ndi zaka 15 adasiya sukulu n'kuyamba kuimba m'magulu a m'deralo, ndipo posakhalitsa adalowa gulu la Sweeney Todd ngati woimba wotsogolera.

Zinthu zidasintha m'chaka cha 1978 pamene adakumana ndi Jim Vallance m'sitolo ina yogulitsa zida zoimbira mumzinda wa Vancouver. Vallance adali atagwirako ntchito yoimba ng'oma ndi kupeka nyimbo m'gulu la Prism. Awiriwa adayamba kupekera limodzi nyimbo, zina zoti aziimba Adams, zina zogulitsa kwa oimba ena monga gulu la Kiss la ku America.

Chaka chomwecho kampani ya A&M Records idasainirana naye mgwirizano wa dola imodzi yokha, ndalama yongotsimikizira kuti pali mgwirizano wovomerezeka mwalamulo. Zimbale zake ziwiri zoyamba, cha 1980 ndi cha 1981, sizidagulidwe kwambiri, koma Adams adapitiriza kuyenda m'mizinda ya ku Canada ndi ku America kukaimba m'mabwalo ang'onoang'ono. Chimbale chachitatu, Cuts Like a Knife cha 1983, ndicho chidamutsegulira msika wa ku America.

Maimbidwe ake ndi a chamba cha rock: mawu osasa, gitala wamagetsi, ng'oma zamphamvu ndi makolasi osavuta kuloweza. Iye amaimba gitala wogwiriziza nyimbo uku akutsogolera ndi mawu, pamene mnzake wa nthawi yaitali, Keith Scott, ndiye wakhala akuimba gitala wotsogolera.

Chimbale cha Reckless chidatuluka pa 5 Novembala 1984, tsiku limene iye ankakwanitsa zaka 25. Chidafika pa nambala wani ku America ndipo mudatuluka nyimbo zisanu ndi imodzi zotchuka, kuphatikizapo Heaven, Run to You, Summer of '69 ndi It's Only Love imene adaimba ndi Tina Turner. Chimbalechi chidali choyamba cha woimba wa ku Canada kugulidwa makope oposa miliyoni imodzi m'dziko lomwelo.

Kutchukaku kudamulowetsanso m'ntchito zachifundo. M'chaka cha 1985 iye adathandiza kupeka nyimbo ya Tears Are Not Enough imene oimba a ku Canada adajambula pofuna kupeza ndalama zothandizira anthu okhudzidwa ndi njala ku Ethiopia. Chaka chomwecho adaimba pa chionetsero cha Live Aid mumzinda wa Philadelphia, ndipo mu 1988 adali mmodzi mwa oimba pa bwalo la Wembley ku London pa mwambo wokumbukira kuti Nelson Mandela, amene panthawiyo adali m'ndende, akukwanitsa zaka 70.

Pofuna kumvetsa mkangano wa 1991, m'pofunika kudziwa gwero la lamulolo. Dziko la Canada lidachita malire ndi dziko la United States, lomwe lili ndi anthu ochuluka kwambiri komanso makampani akuluakulu a nyimbo. M'zaka za m'ma 1960 mawailesi a ku Canada ankangoulutsa nyimbo za ku America ndi ku Britain, moti oimba ambiri a m'dzikolo ankachita kusamuka kuti adziwike.

Pofuna kuthana ndi vutoli, bungwe la CRTC, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1968 motsogozedwa ndi Pierre Juneau, lidalamula kuti kuyambira mu 1971 nyimbo 30 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa mawailesi a AM zizikhala za ku Canada. M'chaka cha 1999 chiwerengerochi chidakwezedwa kufika pa 35.

Funso lovuta lidali lakuti nyimbo ya ku Canada ndi iti. Bungweli lidatsata ndondomeko yotchedwa MAPL, imene inkayang'ana mfundo zinayi. Yoyamba, kuti kamvekedwe ka nyimbo kakhale kopekedwa ndi nzika ya Canada yokha. Yachiwiri, kuti woimba wamkulu akhale nzika ya Canada. Yachitatu, kuti nyimbo yonse ijambulidwe m'dzikolo. Yachinayi, kuti mawu onse alembedwe ndi nzika ya Canada. Nyimbo inkayenera kukwaniritsa mfundo ziwiri mwa zinayizi.

Adams atasiyana ndi Vallance mu 1989, adayamba kugwira ntchito ndi Robert John "Mutt" Lange, katswiri wojambula nyimbo amene adabadwira ku Mufulira m'dziko la Zambia n'kukulira ku South Africa. Awiriwa adapekera limodzi nyimbo za m'chimbale cha Waking Up the Neighbours ndipo mbali yaikulu ya ntchito yojambula idachitikira ku England. Nyimbo ya Everything I Do, imene idapekedwera kanema wa Robin Hood: Prince of Thieves, adathandizanso kuipeka ndi Michael Kamen wa ku America.

Poti Lange sadali nzika ya Canada, nyimbozi zidalephera mfundo yoyamba ndi yachinayi, ndipo poti zidajambulidwa kunja, zidalepheranso mfundo yachitatu. Idatsala mfundo imodzi yokha, yoti woimbayo ndi wa ku Canada, ndipo imeneyi sinkakwanira.

Izi sizinkatanthauza kuti nyimbozo zaletsedwa. Mawailesi ankatha kuziulutsa, koma ankaziwerengera m'gulu la nyimbo zakunja. Chodabwitsa chidali chakuti pa ndondomeko yomweyo, nyimbo ya Early Morning Rain yoimbidwa ndi Elvis Presley wa ku America inkakwanira kukhala ya ku Canada chifukwa amene adaipeka ndi kulemba mawu ake, Gordon Lightfoot, adali mbadwa ya dzikolo.

Adams adadzudzula poyera lamuloli ponena kuti limalimbikitsa nyimbo zosapsa komanso kuti boma lisamalowerere pa nkhani za maimbidwe. Koma oikira kumbuyo lamuloli adati popanda ilo oimba ambiri ongoyamba kumene sakadamveka pa wailesi, ndipo nyumba zojambulira nyimbo za m'dzikolo sizikadapeza ntchito.

Bungwe la CRTC silidathetse lamulolo koma lidalikonza. Lidaonjezera ndime yonena kuti pa nyimbo zojambulidwa pambuyo pa 1 Sepitembala 1991, nzika ya Canada imene yapeka limodzi ndi mlendo ipatsidwe mfundo imodzi ngati ili ndi umwini wosachepera theka pa kamvekedwe ndi pa mawu omwe. Mwa njira imeneyi cholinga choteteza oimba a m'dzikolo chidasungidwa, komanso boma lidavomereza kuti oimba amagwira ntchito ndi anzawo a maiko ena.

Mkanganowu sudabweze m'mbuyo ntchito ya Adams. Mu 1992 adalandira mphotho ya Grammy chifukwa cha nyimbo ya Everything I Do. Kenaka adatulutsa Please Forgive Me mu 1993, All for Love imene adaimba ndi Rod Stewart ndi Sting, komanso Have You Ever Really Loved a Woman? mu 1995. Pambuyo pake adagwirizananso ndi Vallance ndipo awiriwa adapeka nyimbo za sewero la Pretty Woman lomwe lidayamba kuonetsedwa ku New York mu 2018.

Iye ndi katswirinso wojambula zithunzi. Chithunzi cha Mfumukazi Elizabeth II chimene adajambula mu 2002 chidaikidwa pa sitampa ya dziko la Canada, ndipo mu 2013 adatulutsa buku la zithunzi za asilikali a ku Britain amene adavulala ku nkhondo. Mu 2006 adakhazikitsa bungwe lachifundo la Bryan Adams Foundation.

Boma lomwe adakangana nalo lidamulemekezanso. Adalandira ulemu wa Order of Canada mu 1990 ndipo adakwezedwa pa ulemuwo mu 1998. Mu 2009 nkhope yake idaikidwa pa sitampa, ndipo mu 2010 adaimba pa mwambo wotsegulira masewera a Olympics a m'nyengo yozizira ku Vancouver.

Adams adapitiriza kulankhulapo pa malamulo okhudza anthu aluso. Mu 2018 adakaonekera pamaso pa komiti ina ya nyumba ya malamulo ku Ottawa, komwe adapempha kuti umwini wa nyimbo uzibwerera kwa woipeka pakatha zaka 25 chisainire mgwirizano ndi kampani, m'malo modikira kuti pathe zaka 25 mwiniyo atamwalira. Iye adati oimba ambiri amasaina migwirizano akadali aang'ono komanso opanda mphamvu zokambirana ndi makampani.

M'chaka cha 2023 nyumba ya malamulo ya ku Canada idavomereza lamulo la Online Streaming Act, lomwe lidapatsa bungwe la CRTC mphamvu zoyang'aniranso makampani oulutsa nyimbo ndi makanema pa intaneti. Lamuloli lidadzutsanso funso lomwe lija la 1991, la momwe boma lingazindikirire nyimbo ya ku Canada pamene opeka, oimba ndi ojambula ali m'maiko osiyanasiyana.

Adams, amene adatulutsa chimbale cha Roll with the Punches mu 2025 kudzera m'kampani yakeyake ya Bad Records, wakhala pa ntchito yoimba kwa zaka pafupifupi 50.