Bambo Aang'ono a Mzinda wa Lagos

Munthu akakwera danfo mumzinda wa Lagos, timaminibasi tachikasu tija tonyamula anthu mothithikana ngati matumba a chimanga, sapita patali asanamve kondakitala ali lendee pakhomo akufuula kuti "Jakande! Jakande!", ndipo mlendo angayese kuti ndi dzina la mudzi kapena la mtsinje, chonsecho ndi dzina la munthu, Alhaji Lateef Kayode Jakande, amene anali bwanamkubwa wa chigawo cha Lagos m'dziko la Nigeria kuyambira mwezi wa Okutobala 1979 kufikira tsiku lotsiriza la chaka cha 1983.

Mkuluyu, amene anabadwa m'chaka cha 1929, anayamba ndi cholembera asanakhale pa mpando, pakuti anali mtolankhani ndipo pambuyo pake mkonzi wamkulu wa Nigerian Tribune, nyuzipepala ya Obafemi Awolowo, mtsogoleri wa ndale wolemekezeka pakati pa Ayoruba. Pamene a Awolowo anaweruzidwa pa mlandu wofuna kugwetsa boma m'chaka cha 1963, a Jakande analowa nawo m'ndende, natulukamo m'chaka cha 1966; ndipo anthu, poona kuti akuponda momwe aponda a Awolowo ngati mwana wotsata atate ake, anamutcha Baba Kekere, ndiko kunena kuti bambo aang'ono.

Ntchito imene ine ndiiyesa yoposa zonse ndi ija anthu ophunzira anaiseka kwambiri. Chipani chawo, Unity Party of Nigeria, chinalonjeza maphunziro aulere, koma a Jakande anapeza ana a mu Lagos akuphunzira mosinthana, ena m'mawa, ena masana, ena dzuwa litapendeka, chifukwa zipinda zinali zochepa. Ndipo m'malo moyembekeza ndalama zomangira nyumba zokongola zosanjikizana, iwo analamula kuti pabwalo lililonse lopezeka pamangidwe zipinda zazitali zanjerwa zasimenti, zofolera ndi malata, zopanda chokongoletsa chilichonse, kuti mwana aliyense alowe m'kalasi m'mawa pamodzi ndi anzake. Olemera a mumzindawo anazitcha makola a nkhuku. Kunena zoona zinali zosaoneka bwino, ndipo masana munkatentha. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo mayi wogulitsa nsomba pamsika, amene mwana wake kale ankangoyendayenda m'misewu kudikira nthawi yake yamasana, sanaone khola m'nyumba zimenezo. Ife amene tinaona ana athu akukhala pansi pa mitengo ya mango pamene sukulu zapulayimale zinakhala zaulere kwathu kuno mu 1994, tidziwa bwino kuti walira mvula walira matope, ndi kuti denga loipa liposa kusowa denga. Asanachoke pa mpando anakhazikitsanso Lagos State University m'chaka cha 1983.

Chimodzimodzinso ndi nyumba zotsika mtengo zimene anamangira anthu wamba ku Amuwo-Odofin, ku Iponri, ku Isolo, ku Ipaja ndi kwina, zimene lero zachita dzimbiri ndi ndere, koma mudakali mabanja, ndipo ndizo zapatsa makondakitala dzina loti azifuula. Mwini wakeyo sanasamukire kunyumba yaulemu ya boma. Anakhalabe m'nyumba yakeyake ku Ilupeju, nayenda pa galimoto yake ya Toyota Crown.

Chimene sanachitsirize ndi njanji ya sitima yamumzinda, imene anaiyamba mu 1983 kuti ichepetse kuthithikana kwa magalimoto. Asilikali a Muhammadu Buhari atalanda boma tsiku lotsiriza la chaka chimenecho, anatsekera a Jakande pamodzi ndi abwanamkubwa anzawo, ndipo mu 1985 anathetsa ntchito ya njanjiyo; kotero kuti anthu a mu Lagos anadikira kufikira mwezi wa Seputembala 2023 kuti akwere sitima yoyamba yotere, yoyenda pakati pa Marina ndi Mile 2.

Koma palibe wolungama angakhale mmodzi, ndipo mbiri ya munthuyu ili ndi banga limene abale ake ambiri sanalikhululukire. Wolamulira wachisilikali Ibrahim Babangida atafafaniza chisankho cha pulezidenti cha pa 12 Juni 1993, chimene aliyense ankadziwa kuti wapambana ndi Moshood Abiola, Myoruba mnzawo, ulamuliro unagwera m'manja mwa msilikali wina, Sani Abacha, mwezi wa Novembala, ndipo a Jakande anavomera kukhala nduna ya zomangamanga ndi nyumba m'boma lakelo. Kulowako ena akanakumvetsa, popeza panali ena a mbali ya Abiola amene analowanso poyesa kuti msilikaliyo abweza mpando kwa mwini wake. Koma pamene Abiola anaponyedwa m'ndende mu 1994, ndipo akuluakulu a Chiyoruba anaitana ana awo kuti atuluke m'nyumba ya wankhanzayo, a Jakande anakhalabe, kufikira Abacha mwini anawachotsa mu 1995. Munthu amene kale analowa m'ndende chifukwa cha kukhulupirika kwake anayesedwa tsopano wopereka abale, ndipo ngakhale anayesanso ndale ufulu wosankha utabwerera mu 1999, mpando waukulu sanaukhalenso.

Anamwalira pa 11 Febuluwale 2021, ali ndi zaka 91, mu Lagos momwemo, njanji yamumzinda ija isanayambe kunyamula anthu.