Kukonzanso makoma akale a njerwa ndi miyala m'chigwa cha Domasi

Kukonzanso makoma akale ndi luso lochirikiza nyumba za njerwa kapena za miyala zomwe zakhalitsa, popanda kuzigwetsa kapena kusintha maonekedwe ake. M'chigwa cha Domasi, pakati pa mapiri a Zomba ndi Malosa, lusoli limakhudza makamaka matchalitchi, masukulu ndi nyumba za m'nthawi ya amishoni ndi atsamunda.

Mbiri

Mishoni ya Domasi inatsegulidwa m'chaka cha 1884 ndi Alexander Hetherwick wa mpingo wa Church of Scotland, ngati nthambi ya mishoni ya Blantyre. Patapita zaka zochepa, John Buchanan anamanga nyumba ya kazembe wa Britain ku Zomba, yomwe pambuyo pake inasanduka Hotel Masongola. Ku Blantyre, tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi David Clement Scott, ndi njerwa zoumbidwa pamalo pomwepo.

Simenti inalipo kale ku Ulaya, poti Joseph Aspdin analembetsa simenti ya Portland mu 1824, koma kuifikitsa kuno kudzera mu Zambezi ndi Shire kunali kodula. Amisiri ankamangira njerwa ndi matope kapena laimu wosakaniza ndi mchenga. Njerwa zake zinali za m'chikombole, zowotchedwa ndi nkhuni, ndipo n'zofewa poyerekeza ndi za kufakitale.

Chimene chimawononga khoma

Mdani wamkulu ndi madzi. Mvula ya ku Domasi imagwa kuyambira November mpaka April, ndipo madzi otsika m'mapiri amasiya nthaka yonyowa kwa miyezi. Khoma limayamwa chinyontho kuchokera ku maziko, kenako dzuwa likawomba chimatuluka n'kusiya mchere woyera pankhope ya njerwa. Mcherewu ukaumira m'kati, njerwa imafumbutuka. Denga lodontha, mizu ya kachere yolowa m'ming'alu, ndi chiswe chodya mitanda zimangowonjezera vutolo.

Komabe makoma ambiri amawonongedwa ndi anthu ofuna kuwathandiza. Mwini nyumba akaona matope a pakati pa njerwa akugumuka, amagula simenti n'kumata, mwinanso kupaka pulasitala khoma lonse. Kwa chaka chimodzi kapena ziwiri limaoneka bwino. Koma simenti ndi yolimba kuposa njerwa yakale ndipo siilola madzi kudutsa mosavuta. Chinyontho chomwe chinkatulukira m'mizere chimasowa njira, n'kutulukira m'njerwa momwemo. Mapeto ake mizere ya simenti imatsala ili chiimire pomwe njerwa zakumbika ngati zisa za njuchi. M'khoma lakale, chomangira chimayenera kukhala chofewa kuposa njerwa kuti chiziyamba kutha ndicho, chifukwa kuchibwezeretsa n'kosavuta kusiyana ndi kubwezeretsa njerwa.

Kagwiridwe ka ntchito

Mmisiri wodziwa amayamba wathana ndi madzi: kukonza denga, kukumba ngalande, ndi kuchotsa dothi lomwe lakwera kupitirira maziko. Akatero amapala chomangira chowola ndi tchizulo, kuya kwake pafupifupi kawiri kukula kwa mzere. Makina odulira sayenera pano, chifukwa amabenthula m'mphepete mwa njerwa. Amatsuka fumbi, kunyowetsa khoma, n'kukanikiza chomangira chatsopano pang'onopang'ono. Kawirikawiri muyeso umakhala gawo limodzi la laimu pa magawo atatu a mchenga, koma ndi bwino kuyamba waona chomwe omanga oyamba anagwiritsa ntchito. Khoma lomangidwa ndi matope limakonzedwa ndi matope kapena laimu wofewa.

Laimu sauma ngati simenti. Amalimba pokoka mpweya wa carbon dioxide, zomwe zimatenga masabata, choncho khoma amaliphimba ndi ziguduli zonyowa. Dzuwa la October likaliwomba msanga, chomangira chimang'aluka chisanagwire.

Njerwa yomwe yadyeka mbali imodzi ikhoza kuzulidwa n'kutembenuzidwa. Pa maziko a miyala, mwala uliwonse amaulemba nambala asanauchotse kuti ubwerere pamalo pake. Miyala ya m'phiri la Zomba ndi yolimba kwambiri, kotero chimene chimatha ndi chomangira, osati mwalawo.

Zipangizo ndi malamulo

Miyala ya laimu imapezeka ku Changalume, m'boma la Zomba lomwelo, komanso ku Chenkumbi m'boma la Balaka. Kupeza njerwa zofanana ndi zakale n'kovutirapo. Malamulo a 2018 analetsa njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda pofuna kuteteza nkhalango, pomwe mabuloko a simenti sagwirizana ndi khoma lakale. N'chifukwa chake njerwa zotoledwa pa nyumba zakale zogumuka ndi zamtengo wapatali kwa okonza.

Nyumba zomwe boma linazilengeza kuti ndi chuma cha dziko zimatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990, ndipo sizisinthidwa popanda chilolezo cha boma kudzera ku nthambi yoona zinthu zakale. Nyumba zina zakale zili m'manja mwa mipingo, masukulu ndi mabanja, ndipo pa zimenezi amene amasankha pakati pa laimu ndi simenti ndi komiti ya zomangamanga pamodzi ndi mmisiri amene yamulemba.